Rossella ndi Seva ya Agogo

Tsiku limene dzanja la Rossella Scalise linamuukira, anthu oonerera sanali ambiri, koma iye ankangoona ngati dziko lonse la Italy lamutong'olera maso.

Unali mpikisano waung'ono wa tenisi m'tauni ina ya kumpoto. Rossella anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo chinali chaka chake choyamba kusewera tenisi ngati ntchito. Poyambitsa mpira, komwe osewera amati kuseva, munthu amauponya m'mwamba n'kuumenya uli pamwamba pa mutu. Ukaphonya kawiri, mnzako wapata. Rossella ankaseva chiyambire ali kamwana, osaganizira n'komwe. Koma tsiku limenelo atauponya, unagwera kumbuyo. Atauponyanso, unathawira kumbali. Zala zinauma gwa ngati si zake.

Anagonja tsiku limenelo, anagonjanso sabata yotsatira, mpaka kugonja kunasanduka chovala chake. Madokotala anaupima mkono, sanapeze vuto. Anthu otchova juga pa masewera ankamutumizira mawu onyansa pa foni. Potsiriza kochi wa pasukulu ya tenisi imene inkamuphunzitsa anamuitana.

"Mtsikana iwe, mkono uli bwino. Chathyoka ndi mutu, ndipo mutu ife sitikonza. Bwerera kwanu."

Rossella anakwera sitima kubwerera kwathu kuno ku Cirò Marina, chipewa atachitsitsira kumaso kuti asamuzindikire.

Kuti mumvetse kulemera kwa ulendo umenewo, dziwani kuti ife a kuno tinali titamukweza kale kumwamba. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Mayi ake, a Melina, anamulera ndi lumo ndi chipeso m'kasaluni kawo ka pafupi ndi tchalitchi. Mwanayo atapita kumpoto, aliyense ankati ndi m'bale wake. Tsopano anabwerako chimanjamanja.

Miyezi ya chisanu yonse ankangotsuka mitu ya makasitomala, osatukula nkhope. Nthawi zina ankazemba kupita ku kabwalo ka tenisi ka dothi lofiira ka kuseri kwa minda ya mphesa kukayesa yekha. Dzanja linkakanabe. Akabwerako ankadzitsekera m'chipinda, chakudya cha pasita chimene mayi ake aphika n'kuzizirira patebulo.

Lamlungu lina m'mawa kunabwera a Ninetta, mayi wachikulire wa pakamwa posatseka, amene ankasewera tenisi ya awiriawiri ndi anzawo atatu akatuluka ku Misa.

"Melina, tibwereke mwana wakoyu. Mnzathu wina bondo lamugwira, tatsala atatu."

"Ine sindisewera, amayi," anatero Rossella.

"Nanga ife wakuuza ndani kuti timasewera? Timangothamangitsa shuga. Tenga raketi yako yomenyera mpira ija, usatichedwetse."

A Melina anayandikira mwana wawoyo. Anangomulanda thaulo m'manja n'kumutsegulira chitseko.

Itafika nthawi yake yoti aseve, Rossella anaima ngati chipilala, mpira uli m'dzanja. A Ninetta anagwira m'chiuno.

"Ukudikira wansembe adzaudalitse? Seva chapansi ngati ife! Ine phewa linatha kalekale, koma sindinasiye kudya anthu pano."

Rossella anaugwetsa mpirawo pambali, n'kuukwapula chapansi. Unadutsa ukonde bwinobwino. Agogo aja anaubweza, iye anauthamangira, ndipo miyendo inakumbuka ntchito yake. Anamenya wina umene unadutsa a Ninetta ngati mphezi.

"Mayo ine! Ufuna undiphe ndisanaone zidzukulu?"

Rossella anaseka mpaka misozi, koyamba chibwerere. Anabwerera kunyumba mutu uli m'mwamba. Anali atazindikira kuti tenisi yake yonse inalipo. Chimene chinatsekeka chinali chitseko chimodzi chokha.

M'mawa mwake anapita kwa a Gaetano, amene anamugwiritsa raketi koyamba ali mwana, n'kuwauza kuti akufuna kubwerera ku mipikisano akuseva chapansi.

A Gaetano anaika kapu ya khofi pansi. "Mwana wanga, malamulo saletsa. Koma kumeneko amakuona ngati chipongwe. Akakuimbira malikhweru, akakujambula, akakuseka dziko lonse."

"Aphunzitsi, anandiseka kale ndikugonja. Bola andiseke ndikusewera."

"Ngati ndi choncho," anatero mkuluyo akunyamuka, "tisapite nayo ngati ndodo ya wolumala. Tiinole ikhale mpeni."

Anagwira ntchito miyezi ingapo. Anaphunzira kuupota mpira kuti ukagwa usanjanje, ungokwawa n'kukhotera kumbali. Anaphunzira kuugwetsera pafupi ndi ukonde, ndiponso kuukankhira m'miyendo mwa mdani. Ankathamanga mumchenga mpaka kusanza, chifukwa ankadziwa kuti woseva chapansi amalipira ndi miyendo. Seva ya m'mwamba ankangoiyesa pang'ono pomaliza, popanda womuwerengera. Ikakana, a Gaetano ankati, "Isiye, ikudziwa kwawo."

Usiku woti mawa anyamuka, mantha anamugwira. A Melina akumuluka tsitsi anamukoka pang'ono kuti amve.

"Manyazi anapha lambe, iwe. Ine ndakulera ndi tsitsi la anthu ena, lina la nsabwe, sindinachitepo manyazi. Pita ukagwire ntchito yako."

Mpikisano woyamba unali ku Sicily. Atangoseva chapansi, malikhweru analira bwalo lonse. Mtsikana amene ankapikisana naye anathamangira kwa woimbira kukadandaula, koma anauzidwa kuti palibe cholakwika. Pobwerera anakuwa kuti onse amve:

"Kodi wabwereka seva ya agogo ako?"

"Eya," anayankha Rossella, "ndipo ndi agogo olusa. Taibweza tione."

Tsiku limenelo anapambana. Tsiku lotsatira anagonja, ndipo anagonja moipa. Kanema wake anazungulira m'mafoni, anthu akumutcha wa seva ya agogo. Musaganize kuti sizinkamupweteka. Anakhalapo m'bafa ya hotelo akulira, atatsegula madzi kuti mnzake wa chipinda asamve. Koma m'mawa ankamanga nsapato n'kukalembetsa mpikisano wina. Ankayenda pa basi, pa sitima, pa chombo, chikwama kumsana, buledi ndi tchizi za kwa mayi ake m'thumba. Uku apambane kawiri, uko agonje koyambirira, kwina afike patali ndithu. Dzina lake linayamba kukwera pang'onopang'ono.

Ndiye chinachitika chinthu chimene sanachikonzere. Tsiku lina ku Sardinia, ali mkati mwa masewera, anaona kuti mdani wake wasendera pafupi kwambiri ndi ukonde kudikira kampira kapansi kaja. Mtima unamuuza kuti kumbuyo kuli mbee. Asanaganize n'komwe, dzanja linauponya mpira m'mwamba, unakwera mowongoka, ndipo anauswa. Mnzakeyo sanaukhudze. Rossella anayang'ana dzanja lake ngati mlendo amene wabwera osalonjera.

Sikuti linachiriratu tsiku lomwelo. Masiku ena linkavomera, masiku ena linkakana. Koma likakana analinso ndi kolowera, ndipo chifukwa choti anali ndi kolowera, linayamba kukana mwa apo ndi apo.

Chilimwe chikutha anafika mu ndime yomaliza ya mpikisano wina ku Puglia. Ife tinadzaza basi. A Melina anatseka saluni Loweruka, chinthu chimene sanachitepo. Wopikisana naye anali mtsikana wamtali wochokera kunja, wodziwika kumuposa, wa mkono ngati wa mmisiri wosula zitsulo. Chigawo choyamba Rossella anachitaya. Mwa ife tonse obwera pa basi ija munalibe wopuma bwino.

Kenaka mlendo uja anayamba kusokonezeka. Akaima patali, Rossella ankamugwetsera kapansi pafupi ndi ukonde. Akasendera pafupi, ankamuombera wa m'mwamba. Anathamanga chauko ndi chauno mpaka anayamba kukalipira raketi yake. Anthu a m'tauniyo, amene poyamba ankaimba malikhweru, anatembenuka n'kuyamba kuitana dzina la mwana wathu. Rossella anatenga chigawo chachiwiri. Chachitatu anachilimbira mpaka masokosi anafiira ndi dothi, ndipo mpira womaliza wa mlendoyo utakodwa mu ukonde, Rossella anagwada pansi n'kubisa nkhope.

A Gaetano, bambo wosalira ngakhale pamaliro, anatembenukira kukhoma. A Melina anaimirira pampando akukuwa kuti, "Ndi wanga ameneyo! Ndinabereka ndine!" ngati pali amene ankawatsutsa.

Chinali chikho chake choyamba ngati katswiri. Mtolankhani wina anamufunsa ngati tsopano asiya kuseva chapansi, poti dzanja lachira.

"Ndisiye bwanji?" anatero Rossella. "Amene anakunyamula utagwa sumukana ukaimirira."

Lero akusewerabe, ndipo ulendo udakali wautali. Sanafike pamwamba penipeni, koma ife tikamuona akulowa m'bwalo mutu uli m'mwamba, timatukumuka ngati tafika kale.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso pali chimene chakukanikani, chimene kale munkachita mutatsinzina. Mwina njira imene yatsala ndi yonyozeka, yoti anzanu akakuonani adzagwira pakamwa. Idzereni yomweyo. Oseka amatopa, ndipo ambiri a iwo ndi omwe adzayambe kuomba m'manja. Ngati simungathe kumenya muli chiimire, menyani chowerama, koma musachoke m'bwalo. Mtima wanu ugwireni zolimba, musautaye.