Ba Nassoro na Makolala ya Mbasela United

Ba Nassoro ni telala ba mu komboni ya Kanyama, makolo babo banachokera ku Mangochi kudala. Mashini yabo yopalasa na phazi inakalambira pa khonde la shopu ya ba Chrispin. Bola, mpira wa miyendo uja, sibaidziba. Mukabafunsa kuti penati ni chani, bangakuuzeni kuti ni mtundu wa batani. Chamene badziba ni nsalu, tiyi na njira ya ku mzikiti.

Ba Chrispin, beni khonde, ndiye tcheyamani ba Mbasela United, timu ya mu komboni mwathu. Dzina linabakwana banyamata baja: mukabamenya vigoli vibili, chachitatu bamadzigoletsa bokha.

Chaka chatha ba Chrispin banagula majezi mu salaula, pa msika wa vovala vakale, yakulu monga ya bazungu bodya bwino. Goli wathu Whyson atavala yake, inafika m'mabondo monga diresi. Ba Nassoro banayachepetsa. Koma mudala uja kutaya nsalu kumamubaba mtima. Yotsala pa khosi sibanadule, banaipinda-pinda na kuisokerera mkati mwa kolala, kumbuyo. Jezi iliyonse inatuluka na kafundo monga linunda la ng'ombe.

Mu kapu ya makomboni tinagwera Golden Stars ba ku Matero, bantu ba basi yabo-yabo na dokotala wa chikwama. Ise tinayenda pa lole ya makala. Stars banapatsidwa penati. Whyson, wamene amagwira bola monga mbaula yamoto, anagwera kolakwika, bola inamumenya kumbuyo kwa khosi na kutuluka panja. Chakumapeto wosewera wathu Lazarous, wamene sanagoletsepo chimerere ndevu, anatembenuka kuti atukane munthu, bola inamugunda pa kafundo, yaloba mu ukonde. Tinawina, na ise bene tinayamba kuyang'anana.

"Onani makolala!" banakuwa ba Matero. "Telala wabo ni wa ku Mangochi!"

M'mawa mwake ba Chrispin banafika pa khonde na nkhuku yoyera m'khwapa.

"Mudala, vaka vonse ivi munali zii bwanji? Pa Sondo tili na timu ya ku komboni ya George. Muikemo yamphamvu."

"Niikemo chani, ba landilodi?"

"Vamene vija."

"Ni nsalu chabe."

Ba Chrispin banatsinzina diso limodzi. "Ehe, nsalu. Na ine bakanifunsa nizakamba choncho."

Nkhani inathamanga kupambana madzi ya mvula mu Kanyama. Pa Chisanu ku mzikiti, ba Ridwan, bamene banakula pamodzi na ba Nassoro, banachoka mu mzere wabo na kukaima kumbuyo. Pa pompi, ba Fadhila, bakazi ba ba Nassoro, bakafika, bazimai banali kusendeza vigubu.

"Batate bake Firdaus," banatero ba Fadhila, "khonde ni la ba Chrispin, koma dzina ni lanu. Muzafa muli ng'anga ya bola imwe?"

Ba Nassoro banadziba bwino kuti kukhumudwitsa ba Chrispin ni kutaya khonde. Koma pa Chibelu, Sondo ili mawa, banayenda ku bwalo na lezala, pamene timu inali kukonzekera. Banatenga jezi ya Whyson, tumbu! Ya Lazarous, tumbu! Yonse. Munatuluka tunsalu topinda, na ulusi.

Munthu wina akanati nkhani yatha. Si mu Kanyama.

Whyson ananunkhiza kansalu kake. "Manje banachosa liti?"

Ba Chrispin maso yanafiira. "Mudala, mwagulitsa kwa bandani? Kwa ba George?"

"Munalibe kanthu kuchokera poyamba!"

"Lazarous angagoletse na khosi popanda kanthu? Muniona monga mwana?"

Pa Sondo banyamata banaloba m'bwalo makolala yali pululu, aliyense akugwira-gwira kumbuyo kwa khosi monga walumidwa na nsikidzi. Ba George banatimenya mpaka tinaleka kuberenga, mbasela pamwamba. Pa Mande ba Nassoro banapeza mashini yabo ili pansi pa khonde, mu matika, matope yokha-yokha.

Lelo basokera pansi pa mtengo wa mango pafupi na mfolo wa madzi, fumbi ya maminibasi ikubathira mu tiyi. Ba Ridwan banayambanso kubapatsa moni, koma na nsonga za vala. Ndipo mukakhala tcheru muzaona motoka za ku Matero na ku Mtendere zikuima patali. Mwamuna atuluka na saka ya majezi, ayang'ana uku na uku.

"Kolala chabe, mudala. Monga muja."

Ba Nassoro bamalumbira kuti ni nsalu, ni nsalu, ni nsalu. Uja amagwedeza mutu mwaulemu na kusiya saka.

Ine pa bwalo paja ninalipo, ninaona na maso yanga: munali nsalu chabe. Koma nkhuku yoyera ija, sininaione ikubwerera kwa ba Chrispin.