Tsiku limene padi inamudumpha Dalitso

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene achimwene anga a Fatsani anabwera kuchokera ku Joni ndi makina a gemu m'chikwama. Kwathu n'kuseri kwa phiri, kufupi ndi pa Malomo, ndipo magetsi tinalibe. Tinkadalira sola ya bambo ndi batire ya galimoto, choncho tinkasewera masana a Loweruka okha, tikamaliza kuswa mtedza. Pa Sabata mayi ankaphimba kanema ndi nsalu ya patebulo, ndipo panalibe wopempha apilo.

Gemuyo inali ya msilikali woyenda m'dziko la mabwinja, lodzaza ndi zilombo ndi mizukwa. Tinamutcha Nyundo chifukwa cha chida chomwe ankanyamula. Inali gemu yovuta kwabasi. Ukaphethira pang'ono, wafa. Koma Nyundo akafa ankadzukanso pa chitsime chomwe wadutsa komaliza, ali wathunthu ngati sanakhudzidwe n'komwe.

Chowongolera, chomwe tinkachitcha padi, chinali chimodzi, pamene ana tinali ambiri: ine, mlongo wanga wamng'ono Dalitso, ndi asuweni athu a tsidya la mtsinje. Achimwene anaika lamulo losavuta. Tinkakhala pamphasa mozungulira, ndipo Nyundo akafera m'manja mwako, unkapereka padi kwa amene ali kumanja kwako, monga mmene chikho cha thobwa chimayendera kumunda. Wamkulu kapena wamng'ono, wodziwa kapena mbuli, nthawi yako inkakupeza.

Katswiri wa kufa anali Dalitso. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mantha sankawadziwa. Akaona khomo lamdima lomwe tonse tinkaliopa, iye ankangolowa chothamanga. Nyundo ankagwera m'dzenje kapena kuphwanyidwa ndi chimwala, ndipo Dalitso ankagubuduka pamphasa ndi phwete mpaka misozi. Tonse tinkaseka naye, koma tinkakhala taona pomwe pali dzenje. Tikafika malo achilendo achimwene ankati, "Mpatseni Dalitso akatilawire." Tsiku lomwe tinagonjetsa chilombo chomaliza, achimwene anamunyamula paphewa n'kuzungulira naye nyumba.

Chaka chotsatira kunabwera gawo lachiwiri la gemu yomweyo. Achimwene anaitanitsa disiki kudzera mwa mnzawo woyendetsa thiraki, ndipo tinaidikirira ngati mvula yoyamba. Kunena zoona, inali yokongola kuposa yoyamba ija. Munali nyanja, nsanja zazitali, ndi zida zoti sungazimalize. Koma sipanapite nthawi ndinayamba kuidana nayo. M'gemu yoyamba mdani ankabwera mmodzi, ndipo akakupha unkadziwa pomwe walakwitsa. M'yachiwiri ankakuunjikirana ngati agalu a mwini, wina kutsogolo, ena kumbuyo, ngati kuti opanga ake anaganiza kuti kuchulukitsa adani ndiye nzeru. Njira za m'gemu yoyamba zinkazungulira ngati tinjira ta m'mapiri mwathu, n'kukubwezera pa chitsime chomwe ukuchidziwa. Za m'yachiwiri zinkangopita, osadziwika mutu wake.

Zonsezo ndikanazikhululukira. Chomwe sindinachikhululukire mpaka lero ndi kamzere kofiira kosonyeza moyo wa Nyundo. M'gemu yatsopanoyi, akafa ankadzuka kamzere katafupikako. Akafanso, kankafupikanso. Mankhwala okabwezeretsa anali osowa kwambiri. Kwa munthu wosewera yekha m'chipinda chake kutsidya kwa nyanja, mwina chimenecho n'chilango choyenera. Koma ife Nyundo anali wa tonse. Kufa kwa mmodzi kunkafooketsa munthu amene mnzake amulandire.

Dalitso sanazindikire msanga. Ankalowabe m'makomo amdima chothamanga, n'kumagubuduka pamphasa, koma tsopano ankaseka yekha. Asuweni anayamba kutsonya. Loweruka lina msuweni amene anali kumanzere kwake anafa, ndipo Dalitso anatambasula manja onse awiri kuti alandire padi. Achimwene anaitenga m'mwamba n'kuidutsitsa pamutu pake, kundipatsa ine.

"Iwe Dalitso, kuyambira lero uzingoonerera," anatero. "Ukutiwonongera munthu."

Manja a Dalitso anakhalabe m'malere kwa kanthawi. Ine mtima unandiwira.

"Achimwene, lamulo munaika ndinu. Padi imapita kwa wakumanja."

"Limenelo linali la gemu yakale. Iyi si ya ana."

"Nanga yakale ija ankatitsegulira njira ndani? Si yemweyu munamunyamula paphewa?"

"Ukuyankha ine choncho? Ngati zakuwawa, nawenso tuluka."

Ndinaika padi pamphasa, ndipo kuti ndisaiponye kukhoma ndinachita kudzigwira. Dalitso anali atatuluka kale. Ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe, atakhala pa mulu wa makoko a mtedza, akuwaphwanya limodzilimodzi ndi chala. Sankalira, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa misozi.

"Achemwali," anandifunsa, "ndiye kuti Nyundo wafooka chifukwa cha ine, eti?"

Ndinamuuza kuti ayi, wafooka chifukwa cha anthu ouma mtima amene anapanga gemuyo. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti wakhulupirira achimwene, osati ine.

Otsalawo anapitiriza kusewera, ndipo ndinkawaonera pawindo ndili ndi mkwiyo wanga. Aliyense anali ataona zomwe zimachitikira munthu wofa kawirikawiri. Choncho aliyense akalandira padi ankangozungulira pafupi ndi chitsime, kupha tizilombo tomwe tomwe tija, kuopa kuti angakhale wotsatira kudumphidwa. Makomo amdima anangokhala chotsegula, wolowamo palibe. M'nyumba momwe kale munkamveka phwete mpaka mayi kutikalipira, munangoti zii. Nyundo anasiya kufa, ndipo anasiyanso kupita kulikonse.

Patapita milungu achimwene anatopa nazo. Anatulukira pakhonde n'kuitana mokoma, ngati palibe chinachitika: "Dalitso, tabwera udzatilawire khomo ili."

Dalitso anali pabwalo akukonza galimoto yake ya mawaya. Anaimirira mwaulemu, manja kumbuyo.

"Ayi achimwene, ndingakuwonongereni munthu."

Sanaigwirenso padi. Gawo lachiwirilo sitinalimalize, ndipo disiki yake inathera m'munda wa mpendadzuwa, itapachikidwa pa ulusi kuti iziopseza mbalame. M'maganizo mwanga imeneyo ndiyo ntchito yabwino yokhayo yomwe inagwirapo.

Lero ndine mphunzitsi kuno ku Dowa, ndipo ndikamva anyamata akutsutsana za magemu awiriwa, ena n'kumati yachiwiri ndiyo ya amuna chifukwa ndi yovuta, ndimapsa mtima ngati ndidakali pamphasa paja. Zonse zinali zovuta. Kusiyana kwake n'kwakuti yoyamba inkakugwetsa n'kukudzutsa wathunthu kuti uyesenso, pamene yachiwiri inkakusungira mlandu. Ndipo ndazindikira kuti paliponse pomwe kulakwa kumasungidwa ngati mlandu, kaya m'gemu, m'kalasi kapena pabanja, woyamba kuthamangitsidwa amakhala wolimba mtima uja, ndipo otsala amangozungulira pa chitsime. Opanga gemuyo sankatidziwa, n'chifukwa chake mkwiyo wanga waukulu uli pa achimwene. Achimwenewo ankamudziwa Dalitso.

Chaka chatha achimwene anagula njinga yamoto, ndipo pa Khirisimasi aliyense pamudzi ankapatsidwa mpata woyendetsako pabwalo. Asuweni anakwera, ine ndinakwera, wina anagwera m'mizere ya mbatata anthu n'kuseka. Itafika nthawi ya Dalitso, bambo wa ana awiri tsopano, achimwene anamutambasulira makiyi. Dalitso anamwetulira, n'kubweza manja ake kumbuyo.