A Rashidi ndi Thabwa Lomwe Linang'aluka

A Rashidi Mdala anafika ku Gaborone mu 2004 ali ndi chikwama chimodzi, sowo ndi randa. Kwawo ku Mangochi anakulira pa ntchito yokhoma maboti, koma kuno anthu ankafuna makabati a kukhitchini. Anapeza kashedi ku Gaborone West Industrial, kuseri kwa galaja ina, nakhala zaka makumi awiri osakhudzako boti.

Chaka chatha kunabwera mayi Bernadette, namwino wa ku Block 3 amene a Rashidi anawakhomerapo makabati. Malemu amuna awo anasiya boti lakale lomwe ankapita nalo kukawedza ku damu. Linakhala pabwalo zaka zisanu ndi chimodzi litafunditsidwa tenti.

"Achimwene, ndamva kuti ntchito imeneyi mumaidziwa," anatero mayiwo. "Anthu akuti ndiligulitse, koma mtima sukulola."

A Rashidi analizungulira botilo akuligogoda ndi chala. Thupi lake la faiba linali lolimba ndithu. Vuto linali kumbuyo, pa thabwa lomwe amamangirirapo injini. Atakanikiza, chala chinalowa ngati mu buledi wonyowa.

A Norman, alamu awo a mayiwo, anati angoikapo thabwa la paini ndi kupaka penti. A Rashidi anakana.

"Paini amamwa madzi, bwana. Injini ikadzagwera m'damu, adzafunsa kuti anakhoma ndani."

A Rashidi ankafuna mlombwa, umene kuno amautcha mukwa, chifukwa ndi mtengo womwe ankaukhulupirira kuyambira ali mnyamata. Anausakasaka masabata awiri, naupeza, naumanga ndi masikuluu osachita dzimbiri. Thabwalo linakhala bwino moti oyandikana nawo ankabwera kudzalisisita.

Kenako kunadza dzuwa la mu Okutobala. Tsiku lina m'mawa anapeza thabwa lija litang'aluka kuchokera uku mpaka uko, nsonga ya mpeni n'kumalowa. Silinali louma mokwanira, ndipo mpweya wouma wa ku Gaborone unalikoka mwamsanga. Anakhala pansi nthawi yaitali. Akanatha kumata mng'aluwo n'kupakapo penti, palibe akanadziwa. Madzulo anawaimbira foni mayi Bernadette.

"Mayi, ndalakwitsa ndine. Mundipatse mwezi wina."

Loweruka anakwera khombi kupita ku damu kukaonana ndi Rre Moagi, nkhalamba ya Chitswana imene imakonza maboti kumeneko. Atapatsana moni wa "dumela rra", a Rashidi anafotokoza zonse osabisa. Nkhalambayo inawauza kuti agule pulayiwudi wopangidwira m'madzi, amate zigawo zitatu ndi guluu wa epokisi, kenako akute ndi nsalu ya faiba.

A Rashidi zinawawawa. Kwa iwo pulayiwudi anali wotsekera kumbuyo kwa kabati. Choncho anadula kachidutswa ka wamba ndi kena ka wam'madziyo, n'kuziwiritsa m'chitini pa kasitovu ka pashedi tsiku lonse. Ka wamba kanasendeka ngati anyezi. Ka wam'madzi kanatuluka kali chimodzimodzi. Anakayang'ana uku ndi uku, nakaluma ndi mano, n'kupita kukagula mapepala awiri a pulayiwudi wam'madziyo.

Ntchito yachiwiriyi inawatengera masabata asanu, chifukwa epokisi ankauma msanga ndi kutentha, ndipo ankangomata dzuwa lisanakwere.

Botilo linalowa m'madzi mu Febuluwale, mvula itagwako. Melissa, mwana wa mayi Bernadette, ndiye anagwira injini, akufuula m'Chitswana zomwe a Rashidi sanazimve zonse. Iwo anagwada kumbuyo, dzanja lili pa thabwa, kufufuza chinyezi. Atafika pakati pa damu mutu unayamba kuwazungulira, ndipo anachita manyazi kunena.

Mayi Bernadette anawayang'ana nkhope, nawapatsa botolo la madzi.

"Khalani pansi, achimwene. Ndi louma?"

"Ndi louma, mayi," anayankha, koma dzanja sanalichotse mpaka anafika kumtunda.