Waya Wopotedwa M'munda wa Fodya

Chaka chimene anthu anayamba kuvala nsalu za zipani zosiyanasiyana, ndinali namwino pa kachipatala ka mishoni kuseri kwa Chezi. Azungu ena anatiikira kabokosi pakhoma. Anati waya wa foni akaduka, kabokosiko kazitisamutsira kokha ku wayilesi ya mesenji, tiziyankhulabe ndi chipatala cha ku boma. Anakatseka ndi loko, kiyi n'kupita naye ku Lilongwe.

M'mawa wina m'mwezi wa Malichi anatibweretsera mayi pa ngolo, mwana atapingasa m'mimba. Ameneyu anali wa opaleshoni, osati wa manja anga. Ndinanyamula foni kuti ndiitane ambulansi, koma inkangolira ngati njuchi. Kanyali ka pabokosi kanakakamira mbali ya waya, wayilesi ili zii. Batire ya sola inali yodzaza. Ndinagwedeza mapulagi onse, mpaka ndinakamenya ndi silipasi kabokosiko. Ndinapsa mtima kwambiri, koma mkwiyo suitana galimoto.

Mayiyo ndinamusiya ndi mzamba wathu, ine n'kukwera njinga kutsata mitengo ya foni. Ndinalumbira kuti sindibwerera ndisanaone pamene pavuta. Zitunda za ku Dowa sizimvera chisoni munthu wothamanga, ndipo penapake njingayo ndinkachita kukankha m'matope.

Ndinakapeza vutolo m'munda wa fodya. Ngolo yodzaza inali itakola mawaya onse awiri n'kuwadula. Mwini munda, bambo wachikulire, anatola nsonga zonse n'kuzipota pamodzi bwinobwino ngati luzi la pa chigafa, kenako n'kuzipachika panthambi. Apo m'pamene ndinazindikira. Magetsi ankazungulira pa mfundoyo n'kubwerera kwathu, kabokosi n'kumayesa kuti waya ali moyo.

Bamboyo anabwera akuthamanga, chipewa chili m'manja.

“Amayi, chonde musakhudze! Ndi waya wa boma ameneyo. Ndalumikiza kuti asadzati ndadula ndine. Achimwene anga anawatenga pa nkhani yochepa kuposa iyi.”

“Bambo, nthawi imeneyo inapita. Kuchipatala kuli munthu akufa. Akadzafunsa mudzati ndine.”

Pulayala analibe. Ndinamasula ndi zala, waya akundicheka, iwo atayang'ana kumbali kuti asakhale mboni.

Pofika kuchipatala ndinamva wayilesi ikusokosera ndili panja. Ndinaitana ku boma magazi akudontha pa yunifolomu, ndipo ambulansi inafika dzuwa litapendeka.

Lamlungu lotsatira, Misa itatha, ndinaimirira osapempha ndi mwayi womwe. Ndinauza mpingo wonse kuti waya akaduka azimusiya woduka. Ena anaseka, amvekere adokotala ayamba kuphunzitsa umbava. Ine sindinaseke nawo.

Mayi uja anapulumuka. Atatuluka ku boma anadzera kwathu kudzathokoza, nsalu yatsopano yoberekera mwana ataipinda m'manja, kumsana kulibe mwana.