Makalata Anga a Mabokosi

Phokoso la akatapila akugwetsa mitengo ya kwathu ndimalimvabe. Likulu linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ndipo mudzi wathu unauzidwa kuti uchoke. Agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira, ankasasula denga, ine nditaima poteropo kuyang'ana. Sabata yomweyo ndinaganiza zopita ku Joni.

"Pita," anatero agogo. "Kuno umangopenya basi."

Kumeneko kampani ina inkakonzera akapitawo a m'migodi buku la matanthauzo a mawu m'Chichewa, Chizulu ndi Chingerezi. Ine anandipatsa ntchito yolinganiza kaikidwe ka liwu lililonse mu kompyuta. Masiku amenewo kompyuta inkawerenga makadi oboola, ndipo malo pakhadi anali ochepa. Ndinagawa khadi m'mabokosi: la liwu, la tanthauzo m'zinenero zinazo, la chitsanzo, ndi la dzina la munthu wopereka liwulo. Malo atachepa, bokosi la dzinali ndinalichotsa ndekha. Palibe anandikakamiza.

Liwu likandivuta, ndinkajambula mabokosiwo papepala n'kutumiza kwa agogo. Azakhali anga a Nabanda ankawawerengera n'kulemba mayankho. Anzanga ndinalibe. Lamlungu ndinkakhala pakama kusanja makadi, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zinatha choncho. Mayankho atasiya kubwera m'pamene ndinakwera basi.

Pamene panali mudzi wathu ndinapeza nyumba za mipanda za ku Area 14, mlonda n'kundithamangitsa pageti. Azakhali ndinakawapeza ku Area 1 akugulitsa tomato. Sanandipatse pokhala.

"Agogo ako tinawaika m'manda mvula isanayambe," anatero. "Tinakulembera kuti akudwala. Yankho lako linali mabokosi."

"Ndilondolereni kumanda, azakhali."

"Ukawafunse liwu liti? Buku lakolo, dzina lawo lilimo?"

Ndinangoyang'ana tomato uja. Lero bukulo ndili nalo m'nyumba, mawu a agogo ali ponseponse, koma palibe tsamba lowatchula.

Azakhali anamasula kansalu m'chiuno n'kutulutsa pepala lopindapinda. Linali langa lomaliza. Mabokosi onse anali odzaza bwinobwino. M'munsi, pamene sindinasiye malo, panapanikizidwa mawu awiri: "Ubwera liti?"

"Zimenezo unalibe bokosi lake, n'chifukwa chake sindinatumize," anatero.

Anandiika pepalalo m'manja, n'kusenza dengu lawo, n'kulowa m'chigulu cha anthu, osandiuza njira ya kumanda.