Chiguduli pa Sola

Sukulu ndinasiyira Folomu 3, mu 2005. Fizi inasowa. Nkhani yake ndi yomweyo basi. Amene akufuna kumva zoti ndinkasuta chamba kapena ndinapereka mimba akafunse kwina.

Chaka chotsatira bambo anga anapuma ntchito ku fakitale ya tiyi, komwe ankasonkhezera nkhuni za bulugamu m'ng'anjo youmitsira masamba kuyambira ine ndisanabadwe. Anawapatsa ndalama zopumira. Ine ndinachapa yunifolomu yanga, kuisita, n'kuipachika pamsomali kuseri kwa chitseko kuti aziiona. Iwo anakwera minibasi ya ku Limbe n'kubwerako ndi sola imodzi, batire la galimoto, mababu atatu ndi mpukutu wa waya.

Anati parafini wawatopetsa. Sanali kunama. Parafini, makandulo ndi mabatire a wailesi zinkatidya mwezi ndi mwezi, ndipo amayi ankatsokomola ndi utsi wa koloboyi. Nyumba yathu ili m'mudzi wa m'mphepete mwa esiteti. Mawaya a magetsi amadutsa pamwamba pa nthochi zathu kupita kunyumba za mabwana, koma kwathu satsika. Ndiye inde, kugula sola kunali kwanzeru. Yunifolomu ija inakhala pamsomali mpaka amayi anaing'amba n'kumapukutira mbale.

Wogulitsa ku Limbe anawauza kuti agulenso kabokosi kamene kamadula magetsi kokha batire likatsika kwambiri. Bambo anati zimenezo ndi njira zodyera anthu ndalama, n'kukasiya pomwepo. Anangobwera ndi chenjezo la wogulitsayo: batire la galimoto ukalikama mpaka kuuma, lafa, silidzukanso.

Sola ndinaikhoma ndine padenga, poti panyumbapo amene anaphunzirako za waya wofiira ndi wakuda ndinali ndekha. Batire ndinaliika pathabwa pakona ya pabalaza. Pamwamba pake panali kadiso kagalasi. Kakakhala kobiriwira ndiye kuti lakhuta, kakada ndiye kuti lili ndi njala. Kadiso kameneko ndinkakayang'ana m'mawa ndisanasambe n'komwe kumaso.

Nthawi imeneyo mafoni anali atayamba kufika ku esiteti. Akapitawo, makalaliki a pasikelo, madalaivala a mathirakitala, aphunzitsi, aliyense ndi kake. Koma ku komponi, kunyumba za antchito, kunalibe magetsi. Foni ikazima ankaipatsira kondakitala kuti akaitchajitse ku Bvumbwe, n'kubwera mawa lake, ikabwera. Ndinagula machaja atatu a m'galimoto, kuwalumikiza ku batire, n'kulemba pakatoni kuti timatchaja mafoni. Ntchito inagwira. Sopo ndinkagula ndekha, thalauza la pakaunjika ndekha, ndipo shuga wa amayi sankatha.

Koma chachikulu sichinali sopo. Chachikulu chinali dengu. Anzanga onse amene anasiya sukulu anali m'minda ya tiyi, dengu kumsana, chipepala cha pulasitiki m'chiuno, kuthyola masamba kuyambira mame mpaka msana kuuma. Ine ndinali nditalumbira kuti dengu sindidzabereka. Bambo ankadziwa zimenezo, ndipo anandiuza mosazungulira.

"Batire ili ndagula kamodzi. Ndalama zopumira sizibwera kawiri. Likafa, dengu likukudikira."

Ife kwathu ndi a Sabata. Lachisanu ndi tsiku lokonzekera: amayi amaphikiratu, zovala zimasitidwa, pabwalo pamasesedwa, ndipo dzuwa likamalowa chilichonse chimaima mpaka litalowanso Loweruka. Bambo zaka zonse za ku fakitale ankasinthana mashifiti ndi anzawo, kulolera kugwira Lamlungu ndi pa Khirisimasi, kuti Loweruka asaponde kuntchito. Zimenezo ndinakula nazo, sizinkandidabwitsa. Chimene sindinayembekeze ndi chimene ndinaona Lachisanu loyamba nditayamba zotchaja. Ndinawapeza atatsamiritsa makwerero pakhoma, chiguduli paphewa.

"Ababa, mukukatani kudenga?"

"Ndikukaipumitsa."

"Sola?"

"Pakhomo pano mwana amapuma, wantchito amapuma. Ng'ombe ikanakhalapo ikanapuma. Iyi ndi yani kuti isapume?"

"Kuchipatala cha mishoni masola ali pamtetete Loweruka lonse. Amenewo si a Sabata anzathu?"

"Kuchipatala amasungira mankhwala a odwala. Iwe umagulitsa. Moto wokolola pa Sabata, mawa lake n'kumalandirira ndalama? Pakhomo panga ayi."

Anakwera, kuphimba sola, n'kupsinja chiguduli ndi njerwa zinayi.

Mababu okha ankayaka. Kuyatsa getsi kuti tiimbe potsegula Sabata sikunali ntchito, anatero. Ndiye batire linkadyedwa Lachisanu madzulo, Loweruka lonse osalandira kanthu, n'kudyedwanso Loweruka madzulo. Ndipo Lamlungu, tsiku limene a ku esiteti amapuma, ndi limene aliyense ankabwera ndi foni yake. Ndinkawalandira ndi batire lanjala. Ndinafotokoza zimenezi kangapo, mpaka kujambula papepala. Bambo ankamvetsera bwinobwino, kugwedeza mutu, Lachisanu n'kutenga makwerero. Amayi ankangoti, "Inu awirinu mundiphulitsa mutu."

Nkhani inafika ku komponi. Panali kapitawo wina wa m'munda wa kufupi ndi kwathu, wamfupi, wa pakamwa posatseka, amene foni yake inkakhala kwathu kuposa kwawo. Akafika ankayambira kumsewu.

"Aise, sola yako yaweruka ku tchalitchi? Inabatizidwa mtsinje uti?"

"Siyani foni apo, akapitawo, muzipita."

"Ukali! Usadandaule mphwanga, dengu lako ndakusungira. Lalikulu bwino, la anthu ophunzira."

Nyengo yotentha zinkatheka. Dzuwa la Lamlungu linkabweza zimene Loweruka lataya. Vuto linabwera mu Julayi 2007, ndi chiperoni. Chinayamba Lolemba. Nkhungu inatsika n'kukhala pa tiyi, kamvula kowaza kosaleka, chumuni cha fakitale osaoneka. Lachitatu kadiso kanayamba kuda, ndinasiya kulandira mafoni. Lachinayi kanali bii. Ndinapempha kuti tiziyatsa babu limodzi lokha, bambo anavomera. Lachisanu anakwerabe makwerero m'kamvula komweko kukaphimba sola imene inali isanaone dzuwa masiku asanu. Potsegula Sabata babu linkayaka mofiirira, moti amayi ankaimba nyimbo za pamtima poti m'buku simunkaoneka.

Loweruka kunacha kuli mbee. Kumwamba kopanda kamtambo, phiri la Mulanje likuoneka ngati lili kuseri kwa fakitale. Ndinaima pabwalo kuyang'ana chiguduli chonyowa chija padenga. Amene anakulira kuno amadziwa kuti chiperoni chimatha kupuma tsiku limodzi n'kubwereranso sabata ina yathunthu. Ndinaona kuti dzuwa ili ndikalitaya, batire ndalitaya.

Nthawi yopita ku tchalitchi ndinati m'mimba mukundipota. Bambo anati ndimwe madzi otentha, n'kutsogola. Amayi anatsalira akumanga duku, akundiyang'ana kudzera pakalilole.

"M'mimbamo mwayamba ndi dzuwali?"

Anamaliza kumanga duku n'kutembenukira kwa ine.

"Makwerero aja mwendo umodzi ndi wofupika. Amafuna mwala. Ndangonena."

Anatenga chikwama chawo n'kutuluka.

Ndinaika mwala, ndinakwera. Chiguduli chinali cholemera ndi madzi, pansi pake nkhono ziwiri zitamatirira pagalasi. Ndinachiponya pansi, kupukuta galasi ndi malaya anga, n'kutsika. Nzeru yanga inali yoti ndichibwezere chakumadzulo, poti pa Sabata kwathu anthu amadyera nkhomaliro ku tchalitchi komweko n'kubwerako dzuwa litapendeka. Chimene sindinaganize ndi chakuti tchalitchi chathu chili pamtunda. Galasi lopukuta bwino likalasidwa ndi dzuwa limathwanima mpaka kutsidya. Anthu atatuluka kukadya pakapinga, denga lathu linkawaphethira m'maso. Amayi anandiuza pambuyo pake kuti mkulu wina wa mpingo anangoti kwa bambo, moseka, "Wantchito wanu uja lero walowa ovataimu."

Bambo anafika okha, jekete ili pathupi, thukuta lili pamphumi. Anaima pabwalo. Anayang'ana chiguduli pansi, makwerero, mwala uja, kenako ine.

"M'mimba mwaleka?"

"Ababa, batire likufa. Masiku asanu..."

"Ndafunsa za m'mimba."

"Mwaleka."

Anayang'ananso chiguduli chija. Ine ndinachiloza.

"Ndiye ndichibwezere?"

"Ukwerenso kachiwiri pa Sabata? Chisiye."

Iwonso sakanakwera. Anatembenuka n'kubwerera ku tchalitchi. Ndinakhala pakhonde n'kumaseka ndekha. Ndinkaona ngati ndawapanikiza ndi lamulo lawo lomwe. Sola inagwira ntchito mpaka dzuwa kulowa, ndipo kadiso kaja kanayamba kuonetsa kubiriwira pang'ono m'mphepete. Batire silinakhute, koma linali litapulumuka.

Dzuwa litalowa tinatseka Sabata monga mwa masiku onse. Atangoti ameni, bambo anaimirira n'kuyatsa babu la pabalaza, la kuchipinda, la pakhonde, kenako wailesi.

"Moto umene walowa lero sugulitsidwa. Utuluke."

"Ababa, likatsikanso pamene lafikapa silidzuka. Munauzidwa nokha ku Limbe."

"Ndinamva."

"Chabwino, sindigulitsa. Sinditchaja foni ya munthu mpaka Lachitatu. Mpaka sabata yamawa, ngati mukufuna."

"Moto wa lero ndi wa mawa ukausiyanitsa bwanji m'menemo? Uli ndi sefa?"

Amayi analowererapo. "Bambo ake, ndiye tibwerere ku koloboyi? Chifuwa changachi mwachiiwala?"

"Sindinachiiwale."

Bambo anakoka mpando n'kuuika pafupi ndi batire, n'kukhala. Mawu sanakweze. Ndikanatha kuzula waya, mphamvu ndinali nazo kuposa iwo. Koma kukankha bambo anga sindikanatha. Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi chakuti ankadziwa bwino zimene akuchita. Batire linali lawo, ndalama zake zinali za thukuta lawo la kung'anjo, ndipo maso amene ankavutika kuwerenga pa koloboyi anali awo. Analipha akuona.

M'mawa mababu anali atazima, wailesi ili zii, maswichi onse akadali oyatsa.

Chiperoni sichinabwerere. Lamlungu kunawala, Lolemba kunawala, sabata yonse dzuwa lokhalokha. Ndikanangodikira tsiku limodzi, mwina bwenzi nkhani ili ina. Zimenezonso ndimazidziwa, palibe chifukwa choti wina andikumbutse. Batire linkalandira moto usana wonse, koma madzulo babu limodzi linkayaka nthawi yongokwanira kudya, n'kuzima. Ndinalimanga panjinga yobwereka mpaka ku Bvumbwe kwa mkulu wina wokonza mabatire. Anathira asidi watsopano, kulisiya pamagetsi masiku awiri, kenako analiyeza n'kupukusa mutu.

"Awa ndi maliro, mphwanga. Ndigulitse ngati chitsulo, upezeko ya minibasi."

Ndinayesa kulumikiza chaja ku sola mwachindunji, chinapsa n'kununkha. Chachiwiri chimodzimodzi. Katoni ija ndinaichotsa pakhoma, amayi anayatsira moto. Koloboyi anabwerera pathebulo, chifuwa chinabwereranso. Za batire lina palibe anatchulapo.

Mvula itagwa mu Disembala, tiyi ataphuka, esiteti inayamba kulemba anthu othyola. Ndinapita. Pamzere ndinapeza anzanga aja, palibe anaseka. Wolemba mayina anali kapitawo yemwe uja. Anandiyang'ana, ndipo ndinadikira kuti ayambe.

"Foni yanga ndikutumizanso ku Bvumbwe," anatero. "Sabata yatha kondakitala anabwera nayo yopanda batire. Mwatipweteka tonse, iwe ndi madala ako." Anandipatsa dengu n'kundionetsa pomangira zingwe kuti zisamadule mapewa. "Masamba awiri ndi kansonga. Ukathyola zokhwima akakubweza pasikelo. Ndipo kuno Loweruka timagwira. Za mashifiti zinali za ku fakitale."

Ndinathyola nyengo imeneyo ndi ina yotsatira. Loweruka m'mawa ine ndinkatuluka ndi dengu, bambo akupukuta nsapato za ku tchalitchi pakhonde. Tinkapatsana moni. Kuchokera m'munda wa kumtunda denga lathu limaoneka bwino. Sola inali pomwepo, mawaya ake akulendewera pabalaza osalumikizidwa ku chilichonse, ndipo Lachisanu lililonse bambo ankakwerabe kukaiphimba ndi chiguduli, njerwa zinayi pamwamba. Za Loweruka langa sanandifunsepo.