Munda wa kutsidya kwa dambo

Fauziya anabadwira kufupi ndi Ngokwe, m'mudzi mwa amayi ake, ndipo sanachokemo. Mwamuna wake Sufiyani ndiye anachoka kwawo ku Ulongwe kudzakhala chikamwini. Pa nthawi ya nkhaniyi anali ndi ana atatu: Yasmin wa sitandade 2, Zubairu wa zaka zinayi amene kukatentha ankavula kabudula n'kumubisa m'thengo, ndi Nasiru woyamwa.

Sanali mkazi wa nkhani zambiri. Anthu ankamudziwa ndi khasu: mizere yake inkawongoka ngati wachita kukoka chingwe. Koma munda umene amayi ake anamusiyira unali waung'ono, wamchenga, ndipo chaka chilichonse ufa unkatha mvula isanagwe.

Tsiku lina mu Okutobala Sufiyani anatsamiritsa njinga yake pakhonde akumwetulira.

"Mayi a Yasmin, ndabwereka munda kutsidya kwa dambo. Dothi lakuda bii. Mwini wake ndi nkhalamba, yatopa nawo. Tikaugwira bwino, chaka chino ana sagona ndi njala. Koma kunyumba kwa eni ake musamapiteko, sakonda alendo. Zolankhula ndizilankhula ndine."

Fauziya sanafunse zambiri. M'mawa mwake ananola khasu.

Kumundako kunali kutali, ulendo wa ola lathunthu ukakhala ndi mwana wina kumsana, wina kumanja. Sufiyani anathandiza kugalauza masiku atatu okha, kenako anabwerera ku geni yake yogula nkhuku m'midzi n'kukagulitsa m'misika. Zotsala zonse zinali za Fauziya. Anadzala chimanga, m'mphepete nandolo, pachulu maungu. Anapalira, anabandira. Nasiru ankamugoneka pachitenje pansi pa mtengo wa mango, Zubairu n'kumamuingitsira ntchentche ndi tsamba mpaka iyenso tulo titamugwira. Yasmin akaweruka kusukulu ankawatsatira ndi chigubu cha madzi pamutu.

Mu Januwale munagwa mbozi. Mankhwala analibe, choncho ankayenda phesi ndi phesi kuthira phulusa losakaniza ndi mchenga mumtima mwa chimanga, ana akutolera mbozizo m'chitini. Sabata yomweyo Zubairu anadwala malungo. Fauziya anamubereka kupita naye kuchipatala m'mawa, masana n'kubwerera kumunda, chifukwa udzu sunkadikira.

Pofika mu Malichi mvula inayamba kuchepa, ndevu za chimanga zinauma. Munda unali wakuti munthu akalowamo sankaoneka. Loweruka lina Fauziya anawauza ana kuti, "Lero tikadya mondokwa wathu." Zubairu anathamanga njira yonse.

Atathyola zisononkho zingapo anamva mawu kumbuyo kwake.

"Iwe! Wakutuma ndani?"

Anali mayi wachikulire, wovala mpango woyera, ndodo ili m'manja. Fauziya anagwada n'kupereka moni, koma mayiyo sanayankhe moniwo.

"Ndakhala ndikukuona patali dzinja lonseli. Kulima umalima, sindikana. Koma waganyu sathyola mondokwa eni ake asanalawe."

"Waganyu? Amayi, mundawu tinabwereka ife."

"Munabwereka kwa yani? Uwu ndi munda wa mwana wanga Maryam. Akuulimitsa ndi mwamuna wake, Che Sufiyani."

Amene anayankha anali Yasmin, ataima ndi maungu awiri m'manja.

"Amenewo ndi ababa athu."

Mayi uja anayang'ana mtsikanayo, anayang'ana Zubairu, amene mphumi yake inali ya bambo ake yeniyeni, ndipo anakhala pansi pamzere. Kenako anafotokoza zonse. Sufiyani anamanga nikah, ukwati wachisilamu, ndi Maryam mu Okutobala momwemo. Anawauza kuti mkazi wamkulu wavomera, kungoti ndi wodwaladwala, satuluka m'nyumba. Za mayi wolima m'mundamo anati ndi wamasiye wina amene akumuthandiza ndi ganyu, malipiro ake ufa. Maryam tsopano anali woyembekezera.

Fauziya anakhuthula chimanga chija pansi. Zubairu anakumbatira chisononkho chake n'kuyamba kulira.

"Musiyeni mwanayo atenge," anatero mayi uja, tsopano akulankhula mwaulemu.

"Iyayi. Si chathu."

Fauziya anatambasula tizala ta mwanayo kamodzikamodzi mpaka chimangacho chinagwa. Mpaka lero akamakamba nkhaniyi, apa ndi pamene amabwerezabwereza. Amati mwanayo anatolera mbozi m'mundamo thupi likutentha, ndiye iye mayi wake n'kumulanda.

Sufiyani anafika dzuwa litapendeka, nkhuku zikulira m'dengu. Anapeza mkazi wake atakhala pakhonde, moto sunakolezedwe.

"Bambo a Yasmin, mwamuna wanga anamwalira liti? Ndamva kuti ndine wamasiye."

Sufiyani anachedwa kumasula dengu lija. Anamasula chingwe, anachikulunga bwinobwino.

"Ndimati ndikuuzeni tikakolola. Ndipo chipembedzo chimalola, inunso mukudziwa."

"Kukwatira chimalola. Mukanabwera n'kundiuza, ndikanalira masiku angapo, mwina ndikanavomera. Koma kunditenga ine ndi ana anu omwe kukatisandutsa aganyu a mkazi mnzanga? Munkationa tikubwera madzulo matope thupi lonse, inu n'kumafunsa kuti chimanga chikukula bwanji!"

"Chimangacho tikanadya tonse."

"Tonse? Ine lero andigwira ngati wakuba."

Nkhaniyo inapita kwa ankhoswe. Mchimwene wake wa Fauziya, Abdulwahab, anaitanitsa a kuchimuna ndi a kwa Maryam, ndipo anakhala pansi pa mtengo tsiku lonse. Anagwirizana kuti zokolola zigawidwe pakati, popeza nthaka inali ya Maryam koma thukuta linali la Fauziya. Sufiyani anapepesa, anapempha kuti azisamala makomo onse awiri. Fauziya anakana, ndipo akuluakulu ena anati aganizire ana.

"Ana ndi amene ndikuwaganizira," anatero. "Anali pomwepo. Anamva okha."

Madzulo a tsiku lomwelo anatulutsa zovala za mwamuna wake, pampu ya njinga ndi mkeka wake wopempherera, n'kuziika pakhonde atazipinda bwino.

Mu Meyi chimanga chinabwera pangolo. Amene anachiperekeza anali Maryam, mtsikana wowonda, mimba ili patsogolo, atayenda wapansi njira yonse ija.

"Achemwali, ine sindinkadziwa," anatero atagwada.

Fauziya anamutungira madzi akumwa, anamuyalira mphasa pamthunzi.

"Miyezi isanu munthu akukulimirani ndi khanda kumsana. Simunafune n'kamodzi komwe kudzaona nkhope yake?"

Maryam anangoti zyoli. Sanakangane, komanso chibwenzi sichinayambe. Chimangacho Fauziya anachilandira, pakuti ana anayenera kudya, ndipo chaka chimenecho ufa unafika mpaka mu Febuluwale.

Panopa akulima munda wake wamchenga womwe uja. Anaphunzira kupanga manyowa a m'dzenje, ndipo mbuzi ziwiri zimene mchimwene wake anamupatsa zaswana. Nasiru akuyenda. Sufiyani amabwera mwa apo ndi apo, makamaka nthawi ya Idi, atanyamula nsapato kapena malaya a ana. Zubairu amamuthamangira n'kukwera pakaliyala. Yasmin amakana kutuluka m'nyumba, mpaka mayi ake atamugwira pamkono.

"Pita ukagwade. Ndi bambo ako amenewo."

Mtsikanayo amapita, amagwada, amapereka moni akuyang'ana pansi. Fauziya mwini wake amatenga beseni n'kupita kuseri kwa nyumba, kumene amachapa zovala zochapachapa kale mpaka mlendoyo atatsanzika.